Mbalame Imene Inatsata Atsibweni

Mwezi wa Juni kwathu ku Dowa umazizira mpaka m'mafupa. Dzuwa likangobisala, mphepo imatsika kuchokera kuphiri la Kongwe n'kumalowa m'ming'alu ya zitseko, ndipo aliyense amathamangira pamene pali moto. Masiku amenewo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ntchito yathu yamadzulo inali kuswa mtedza wa chalimbana. Tinkaunjikana m'khitchini mwa agogo, lichero pakati, makoko tikuponya pamoto. Ine ndinali ndi mwayi wanga. Poti m'banja monse ndine ndinali nditafika makalasi apamwamba kupulayimale, ankandichotsa pamtedza n'kundipatsa koloboyi ndi buku. Ena manja ali pantchito, ine pakamwa pali pantchito.

Usiku wina ndinabwera ndi buku la John Gwengwe, lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe. Agogo atangomva mayinawo anaseka, amvekere: "Imeneyo ndiye mwaipeza kusukulu? Ifetu tinaimvera kukuka tili atsikana." Ankanena zoona, pakuti nkhaniyi ndi nthano ya makolo imene wolembayo anaiika papepala. Abale awiri apita kutali kukagwira ntchito. Wina apeza chuma, wina abwerako manja ali m'khosi. Pobwerera kumudzi, nsanje imugwira Gwenembe ndipo apha m'bale wake panjira n'kutenga katundu. Koma kambalame kaona zonse. Kayamba kumutsata kakuimba zimene wachita. Ayese kukapha, kabweranso. Ayese kukathawa, akapeza kali patsogolo.

Ndinkawerenga mokoma, mawu ndikuwakweza ndi kuwatsitsa monga ankachitira aphunzitsi athu. Nditafika pamene mbalame ija yabweranso kachiwiri, ndinamva kuti phokoso la mtedza lachepa. Nditadzutsa mutu ndinaona atsibweni, alongo awo aakulu a mayi anga, atagwira mtedza umodzi pakati pa zala, osauswa, osauponya. Maso anali pamoto koma motowo sankauona.

"Iwe mwana," anatero motsitsa mawu, "tatseka bukulo."

Anadzuka n'kutuluka panja, jekete ataisiya pampando, kunja kukuzizira chomwecho. Palibe anayankhula. Patapita kanthawi tinawamva akutsokomola kuseri kwa nkhokwe, chitsokomolo cha munthu wamkulu amene sakufuna kuti ana adziwe kuti akulira.

Atsibweni amenewa mudzi wonse unkawadziwa kuti ndi munthu wosayankhulayankhula. Ali anyamata ananyamuka ndi mng'ono wawo ulendo wa selefu, osadzera ku Wenela, kukafuna ntchito m'mafamu a fodya ku Halale. Patapita zaka iwo anabwera okha, akuchokera ku Joni, ndi njinga, makina osokera ndi bokosi lachitsulo. Za mng'ono wawo anangoti anachona, anakwatira komweko. Zimenezo sizinadabwitse munthu, pakuti mudzi uliwonse wa ku Dowa ndi ku Ntchisi unali ndi matchona ake. Chimene chinkadabwitsa anthu ndi iwo eni. Tulo sankaona. Pakati pa usiku ankayendayenda pabwalo. Paukwati ankakhala kumapeto, chakudya n'kungochilawa. Ena ankati anawalodza, ena ankati mgodi unawadya mutu. Anapita nawo kwa asing'anga awiri, akulu a mpingo anawapempherera, koma munthu anali yemweyo.

Patatha masiku atatu anandiitana kuti ndikawathandize kuthirira kudimba. Titatunga madzi kangapo anakhala pamzere, n'kundifunsa osandiyang'ana: "Mbalame ija, anthu anaimva?"

Ndinati inde, inafika mpaka kumudzi ndipo anthu anadziwa zonse.

"Nanga ataimva, inaimbanso?"

Ndinasowa choyankha. Funso limenelo silinali m'gulu la mafunso amene aphunzitsi ankatifunsa. Iwo anangogwedeza mutu, n'kunyamulanso ndowa.

Lamulungu lotsatira, titabwera kutchalitchi, anatenga bokosi lachitsulo lija n'kukalitula pamapazi pa agogo. Ife ana anatithamangitsa, koma nyumba zakumudzi sizisunga mawu. M'bokosimo munali jekete ndi chipewa cha mng'ono wawo. Anaulula kuti mnyamatayo anadwala chifuwa ali pafamu ina, ndalama za onse awiri zili m'thumba mwa mkuluyo. Anzawo atakonza ulendo wopitirira ku Joni, iwo anamusiya m'manja mwa anthu achilendo, n'kumulonjeza kuti abwera kudzamutenga miyezi iwiri isanathe. Miyezi iwiriyo inasanduka zaka ziwiri. Pamene ankabwerera pafamupo anangowalozera manda ndi kuwapatsa zovalazo. Sanamuphe ndi manja, koma mumtima mwawo mlandu unali womwewo. Zaka 17 anali akuyenda ndi mbalame imene ife tonse sitinkaimva.

Agogo analira tsiku lonse. Madzulo anagwira dzanja la mwana wawo n'kunena kuti: "Mwananga, ndataya mmodzi. Usandichititse kuti nditaye awiri." Sabata yotsatira abale anasonkhana, thobwa linaphikidwa, akulu a mpingo anabwera, ndipo tinalira maliro amene anachedwa zaka 17. Akuluakulu amati mlandu suwola. Ine ndinaona ndi maso anga kuti umaola ukakhala m'kati mwa munthu, n'kumamuoletsa mwini wake, kufikira tsiku limene autulutsa.

Kuchokera nthawi imeneyo ndinayamba kuwerenga ndi maso awiri: lina pabuku, lina pankhope za omvera. Ndipo ndinazindikira kuti anthu akwathu sachita chidwi kwambiri ndi zimene munthu wa m'nkhani wachita. Chimene chimawagwira n'chakuti: kodi mumtima mwake munali chiyani pamene ankachita zimenezo? Pamenepo ndiye mkangano umabuka, mpaka nsima kuzizira.

Buku limene linkatikanganitsa koposa ndi Nthondo, la Samuel Josiah Ntara, lomwe linatuluka mu 1933 litapambana pampikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ife a ku Dowa Ntara tinkamuona ngati wathu, chifukwa ndi yemweyo amene analemba mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi kwathu konkuno. Munthu amene analemba za mudzi umene tinkaudziwa sakanatinamiza za mtima wa munthu. Nthondo wa m'bukulo ndi mwana amene akula movutitsa, wakuba ndi wosamva, apita kunja kukagwira ntchito, abwerera, alongedwa ufumu, ndipo pamapeto pake atembenuka mtima. Abambo ambiri ankati mwana ameneyu anangobadwa ndi mtima woipa, chikwapu n'chimene chinachepa. Amayi sankavomereza. Mayi anga ankati mwana sabadwa ndi dzanja lakuba. Pali chimene chinasweka mwa iye bambo ake atamwalira, ndipo anthu anaona kubako koma osaona bala. Poyankhula zimenezo ankayang'ana ana amasiye awiri amene tinkakhala nawo pakhomo. Lero mdzukulu wanga akuwerenga buku lomwelo pokonzekera mayeso a Fomu 4, ndipo tsiku lina pakhonde anandifunsa funso lomwe lija: agogo, kodi Nthondo anabadwa woipa kapena anthu ndiwo anamuipitsa? Ndinaseka ndi chimwemwe, pakuti mkangano wa m'khitchini mwa agogo anga ukadali moyo.

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku Ntchisi, kusukulu ina ya m'munsi mwa nkhalango, kumene m'mawa nkhungu imaphimba phiri mpaka dzuwa litakwera. Kumeneko ndiko ndinaphunzira kuti kanema naye ali ndi mphamvu yofanana ndi ya buku, mwinanso yofulumira kuposa pamenepo. Akanema oyamba amene tinkaona anali a galimoto za boma, ophunzitsa ulimi ndi ukhondo, ndipo anthu ankabwera makamaka kudzaona chodabwitsa cha zithunzi zoyenda. Koma m'zaka za m'ma 1990 kunabwera anthu a mpingo ndi filimu ya Yesu, ija inapangidwa mu 1979 potsata Uthenga Wabwino wa Luka, anthu ake akuyankhula Chichewa. Anakhoma nsalu yoyera pamitengo iwiri pabwalo la mpira, injini ya magetsi ikulira chapatali. Anthu anadzaza mbali zonse ziwiri za nsaluyo, ena ali m'mitengo. Midzi yonse yozungulira inatsala ndi agalu okha.

Zimene ambiri amakumbukira ndi phokoso: amayi kukuwa pamene asilikali akukwapula Yesu, anyamata kutukwana Yudasi, nthungululu pamene manda apezeka opanda kanthu. Ine ndimakumbukira malo amodzi pamene bwalo lonse linangoti zii. Ndi pamene Petulo, akuwotha moto, akana katatu kuti munthuyo samudziwa, tambala n'kulira, iye n'kuchoka akugwetsa misozi. Pafupi ndi akazi anga panakhala mayi wina wa m'mudzi woyandikana ndi sukulu. Anafunda chitenje kumutu, mapewa akugwedezeka, ndipo sanaonerenso mpaka filimu inatha.

Pobwerera, mumdima, anagwira mkono wa akazi anga n'kutsalira nawo m'mbuyo. Zaka zimenezo ndi zija Edzi inkakolola anthu, dzina lake tikuopa ngakhale kulitchula. Mng'ono wake wa mayiyo anabwera kuchokera ku Lilongwe atawonda, tsitsi litapyapyala. Chifukwa cha mantha ndi manyazi, iye anamuuza kuti pakhomo palibe malo, apite kwa abale a mwamuna wake. Kumeneko anamwalira mwezi usanathe. "Amayi aphunzitsi," anatero, "tambala uja walirira ine. Nanenso ndinati sindikumudziwa."

Akazi anga sanamulalikire. Anangomufunsa ngati waonera filimuyo mpaka kumapeto. Atati ayi, anamuuza kuti Petulo uja sanatayidwe, anakhalabe m'gulu la anzake. Mayi ameneyo anadzatenga ana awiri a malemuwo n'kuwalera ngati ake, ndipo mmodzi ndinamuphunzitsa mu Sitandade 6. Pamene magulu osamalira odwala m'makomo anayamba m'dera lija, iye anali mmodzi mwa oyamba kunyamula beseni ndi sopo.

Kenaka kunabwera nyumba zoonetsera mavidiyo m'misika, ku Mponela, ku Madisi, ku Malomo, paboma pa Ntchisi. Makoma a mikeka, mabenchi a matabwa, sipika yaikulu panja. Akuluakulu ambiri tinkadandaula kuti ana akungoonera nkhonya ndi mfuti, ndipo dandaulolo linali ndi pake. Komabe ine ndinkakonda kuima pakhomo anthu akamatuluka kuti ndimve zokamba zawo. Mafilimu a ku Nigeria atafala, amayi ankatuluka akukangana za mkazi wosabereka amene apongozi akumuzunza, ndipo ukamvetsera bwino unkazindikira kuti sakukamba za ku Nigeria. Shemu Joyah atatulutsa Seasons of a Life mu 2008, nkhani ya mtsikana wantchito amene abereka mwana wa bwana wake, mwanayo n'kuleredwa ndi banja losabereka la bwanayo, ndinamva amayi awiri akutsutsana njira yonse yopita kuchigayo. Wina ankamvera chisoni mayi wobereka, wina mayi wolera. Wachiwiriyo ankateteza mbali yake ndi mphamvu zimene zinandiuza kuti iye mwini anagonapo ndi njala ya mwana zaka zambiri. Pa iye yekha sakanatha kunena. Pa mkazi wa m'filimu ananena zonse.

Umu ndi mmene ife timachitira. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo kwathu munthu sangokuwolotsa poyera. Ukamufunsa kuti muli bwanji, ayankha kuti ali bwino ngakhale usiku wonse sanagone. Mwamuna amauzidwa kuyambira ali kamnyamata kuti mwamuna salira. Mkazi amauzidwa kuti banja n'kupirira. Tsono nkhani ya m'buku kapena ya pakanema imakhala ngati mlatho wa mtengo umodzi woponyedwa pamtsinje. Munthu amayamba ndi kunena za Gwenembe, za Petulo, za Nthondo. Akaona kuti omumvera sakumuseka, amasuntha phazi pang'ono n'kunena kuti "ndikudziwa wina amene zinamuchitikira." Akaonanso kuti palibe wadzuka, amafika ponena kuti "ndine."

Komaliza kuziona zimenezi ndi maso anga kunali ku Mponela, kunyumba kwa mwana wanga, pamene tinaonera The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 imene Chiwetel Ejiofor anajambula ku Wimbe m'boma la Kasungu. Ndi nkhani ya William Kamkwamba, mnyamata amene anapanga makina opukusidwa ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Anthu oyandikana nawo nyumba anabwera, pabalaza panadzaza. Poyamba achinyamata ankaseka katchulidwe ka Chichewa ka osewera ena ochokera kunja. Koma nkhani itafika poti banja liyambe kudya kamodzi patsiku, kuseka kunatha. Akuluakulu tonse m'chipindamo tinadutsamo m'chaka chimenecho. Tinadya gaga, tinakumba zitsa za nthochi, ena anazula malata padenga n'kugulitsa pamtengo wa ndowa ya chimanga.

Pali malo ena pamene bambo wa William, Trywell, akwiya ndi tizipangizo ta mwana wake, amukaniza njinga ndi kumuuza kuti agwire khasu. Mtsikana wina wa kusekondale anadzuma, amvekere: "Koma bambo ameneyu ndi wankhanza!" Pamenepo mkulu wina amene anakhala phee kuyambira pachiyambi, mlimi wa fodya wa zaka zonga zanga, anayankha: "Ayi mwanawe, si nkhanza zimenezo. Ndi manyazi. Bambo amene nkhokwe yake yauma sadziwa poika maso, ndiye amakalipa."

Filimu itatha sananyamuke. Anatiuza kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale 2002, nthawi ya chakudya ikayandikira, ankatenga khasu n'kunena kuti akukafuna ganyu. Ganyu kunalibe. Ankakakhala pachulu kuseri kwa munda mpaka mdima, kuti kagawo kake kakwanire ana, ndiponso kuti asaone maso awo akuyang'ana mbale. Mwana wake wamwamuna, bambo wa ana atatu tsopano, anali pomwepo atatsamira chitseko. Zaka zonsezo ankakhulupirira kuti bambo ake ankawathawa n'kumakadya kwina okha, ndipo chimenecho chinali chitaika mpanda pakati pawo. Anayenda pang'onopang'ono n'kudzakhala pansi pafupi ndi mapazi a bambo akewo. Sanakumbatirane, si mwambo wathu. Anangoti: "Bambo, bwanji simunanene?" Mkuluyo anayankha kuti: "Ndikanayambira pati?"

Dziko lonse linaonera filimu imeneyi n'kuyamikira nzeru za mnyamata, ndipo n'zoyeneradi. Koma pabalaza paja, chimene chinachiritsa anthu ndi nkhope ya bambo wogonja.

Masiku ano adzukulu athu ali ndi mawu amene ife tinalibe. Amakamba za thanzi la m'maganizo, za matenda a nkhawa, za uphungu. Kale tinkangodziwa chipatala cha ku Zomba, ndipo dzina limenelo tinkalitchula moseka kapena moopa. Tsopano a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo nkhani zimenezi zimakambidwa pawailesi masana dzuwa likuswa mtengo. Ndimayamika kwambiri, pakuti pali matenda amene nthano yokha singachize, ofunika dokotala ndi mankhwala, ndipo munthu wotere tisamuchedwetse. Ndikamva pawailesi za abambo amene adzichotsera moyo chifukwa cha ngongole kapena mavuto a m'banja, ndimakumbukira atsibweni akuyendayenda pabwalo usiku, ndipo ndimadziwa kuti nawonso anali pafupi ndi phompho. Makolo anati wamisala anaona nkhondo. Ankatichenjeza kuti munthu amene timuyesa wosokonezeka ali ndi chimene waona, ndipo tiyenera kumumvera.

Chimene ndimadandaula n'chimodzi. Mafilimu lero ndi ochuluka kuposa kale, koma aliyense amaonera yekha pafoni, timawaya tili m'makutu. Mbalame ikayamba kumuimbira, palibe womuona akuleka kuswa mtedza. Palibe womugwira mkono pobwerera mumdima. Mphamvu ya nkhani zija sinali m'buku mokha kapena pansalu yoyera ija. Inali mwa anthu okhala pambali pako, amene anamva zomwe wamva, ndipo nkhani itatha sanafulumire kudzuka. N'chifukwa chake adzukulu akabwera patchuthi ndimawauza kuti aike foni imodzi pakati, tionere tonse, ndipo ikatha tikhale kaye. Ndimawafunsa kuti ndani mwa anthu a m'nkhaniyo wawamvetsa chisoni. Yankho la mwana pa funso limenelo limandiuza zambiri kuposa lipoti la kusukulu.

Atsibweni anakhala zaka zina zambiri. Sanasanduke munthu wa nthabwala, koma anayamba kugona, ndipo makina osokera aja, amene anakhala nthawi yaitali atavundikiridwa ndi chiguduli, anayamba kulira pakhonde. Mayunifolomu anga a kusekondale anasoka ndi iwowo. Chisanu chotsatira kuulula kwawo kuja, tili pamtedza monga mwa nthawi zonse, ndinabwera ndi buku lina. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti: "Lija la abale awiri ukadali nalo? Sitinalimalizetu."

Ndinakalitenga. Ndinayambira pachiyambi, mawu akunjenjemera pang'ono. Nditafika pamene mbalame ibweranso, ndinaba diso kuwayang'ana. Misozi inali kutsika m'masaya mwawo poyera, pamaso pa amayi awo, alongo awo ndi ife ana, koma manja anali akuswabe mtedza. Anakhala mpaka tsamba lomaliza. Nditatseka buku anapukuta kumaso ndi chikhatho, n'kundiuza yankho la funso limene anandifunsa kudimba kuja.

"Imasiya, mphwanga," anatero. "Anthu akaimva, imasiya."